Matimu akachuluka: momwe mungayendetsere agile pa pulojekiti yaikulu

Funso lake limabwera mofanana nthawi zonse. Munthu amalemba kuti, "Akulu, pamene tinali 7 Scrum inkatiyendera bwinobwino. Pano tawina ntchito yaikulu, tafika anthu 60, ena ndi a kampani ina, ndipo chilichonse chikungochedwa. Kodi tikaphunzire SAFe?" Agile ndi kupanga mapulogalamu a kompyuta pang'onopang'ono, n'kumaonetsa chogwira ntchito pafupipafupi. Scrum ndi njira yake yoyendetsera timu yaing'ono, SAFe ndi ya matimu ambiri. Funsoli ndakhala ndikuliyankha chidutswachidutswa pa WhatsApp mpaka chala kuwawa, ndiye ndati ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomulozera pano.

Chimene chikukuchedwetsani ndi kudikirirana. Timu iyi singamalize timu iyo isanamalize, pamene timu iyo nayonso ikudikira munthu mmodzi yekha wodziwa pasiwedi ya seva, yemwe wapita ku maliro kumudzi. Masitepe ali m'munsiwa ndi ochepetsa kudikiriranako, ndi kuonetsetsa kuti zimene matimu onse apanga zikulumikizidwa kukhala chinthu chimodzi chogwira ntchito, milungu iwiri iliyonse.

Kumbukirani kumene agile inachokera. Anthu 17 anakumana ku Snowbird, m'chigawo cha Utah ku America, mu February 2001 n'kulemba Agile Manifesto. Njira zimene anabwera nazo, monga Scrum ndi Extreme Programming, zinakulira m'matimu aang'ono okwana m'chipinda chimodzi. Scrum Guide ya 2020 imanenabe kuti timu nthawi zambiri ikhale ya anthu 10 kapena ocheperapo. Masamu ake ndi osavuta. Anthu 7 akamalankhulana awiriawiri pamakhala njira 21. Anthu 60 njirazo zimafika 1,770. Fred Brooks, yemwe anatsogolera ntchito yopanga OS/360, pulogalamu yoyendetsa makompyuta akuluakulu a IBM, anachenjeza kale mu 1975 kuti kuwonjezera anthu pa pulojekiti imene yachedwa kumangoichedwetsanso.

Kwa amene mawu a ntchitoyi simunawazolowere: sprint ndi nthawi yoikika, kawirikawiri milungu iwiri, imene pakutha pake pamayenera kuoneka chinthu chogwira ntchito. Backlog ndi mndandanda wa zonse zofunika kupangidwa, chofunika kwambiri chili pamwamba. Product Owner ndi munthu amene ali ndi mawu omaliza pa dongosolo la mndandandawo.

Tikhale ndi chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze kuti mukupangira sisitimu bungwe lobwereketsa ndalama kwa alimi. Mlimi alembetsedwe, apemphe ngongole, ndalama zimufike pa Mpamba kapena Airtel Money, abweze, a akaunti athe kutseka mabuku, ndipo deta yonse yakale isamutsidwe.

1. Dzifunseni kaye ngati anthu 60 akufunikadi

Bungwe la FBI ku America linasiya pulojekiti yake ya Virtual Case File, sisitimu yosungira mafayilo a milandu, mu 2005 itadya kale madola pafupifupi 170 miliyoni. Mu 2006 linayamba ina yotchedwa Sentinel, kontirakiti n'kupita kwa Lockheed Martin, bajeti yake madola 425 miliyoni. Pofika 2010 ndalama zambiri zinali zitapita ntchito isanathe. FBI inaitenga n'kuyamba kuiyendetsa yokha. Inachepetsa anthu kuchoka pa mazana kufika pa makumi ochepa, inawasonkhanitsa m'chipinda chapansi ku likulu lake ku Washington, n'kuyamba ma sprint a milungu iwiri. Sentinel inayamba kugwira ntchito mu July 2012. Okonda kusimba nkhaniyi amaiwala kunena kuti inachedwabe poyerekeza ndi tsiku limene analonjeza, komanso kuti timu yaing'onoyo inamangira pa zina zimene zinapangidwa kale. Komabe mfundo ilipo: pamene zinavuta, mankhwala ake anali kuchotsa anthu.

Ngati matimu atatu odziwa ntchito angaithe, musalembe 7 chifukwa choti bajeti ilipo.

2. Backlog ikhale imodzi, mwini wake mmodzi

Cholakwika chofala ndi kupatsa timu iliyonse backlog yake ndi Product Owner wake. Timu iliyonse imagwira chimene chili pamwamba pa mndandanda wake, onse ali bize, koma chinthu chofunika kwambiri pa pulojekiti yonse chili pa nambala 9 kwa timu ina, palibe akuchikhudza.

Sankhani munthu mmodzi. Komiti ikhoza kumulangiza, koma isakhale Product Owner. Ndipo musasankhe ofesala wamng'ono amene funso lililonse amayankha kuti "ndikafunse kaye abwana." Muyeso wake ndi uwu: kodi munthuyo angauze mkulu wa zachuma kuti lipoti lake lidikire mwezi wamawa, n'kukhalabe pa ntchito? Ngati sangathe, pezani wina, kapena abwanawo apatule okha maola angapo sabata iliyonse. Matimu akachuluka mukhoza kumupatsa omuthandiza, aliyense kuyang'anira gawo lake, koma mndandanda ukhalebe umodzi.

3. Yambani ndi timu imodzi, ipange kanthu kakang'ono kodutsa paliponse

Musalowetse anthu onse tsiku loyamba. Tengani anthu 6 kapena 8 odziwa bwino, muwapatse ma sprint awiri kapena atatu kuti apange chimene Alistair Cockburn anachitcha walking skeleton: kanjira kamodzi kochepetsetsa koma koyambira kumayambiriro mpaka kumapeto. Pa chitsanzo chathu, mlimi mmodzi wongoyeserera alembetsedwe pa foni, apemphe K5,000, wina avomereze, ndalama zituluke pa akaunti yoyeserera ya mobile money, ndipo zioneke m'buku la a akaunti. Maonekedwe akhale oipa, zilibe kanthu. Zili ngati amene amayamba ndi kumanga boyizikota, kufolera, kukoka madzi ndi magetsi n'kulowamo, nyumba yaikulu ikubwera pambuyo. Amadziwiratu msanga kuti paipi yamadzi yadutsa pati.

Apa ndi pamene mumatulukira zinthu zimene zikanakugwetsani mwezi womaliza: kuti chilolezo cholumikizira kwa kampani ya mobile money chimafuna makalata ndi milungu ingapo, kuti mu deta yakale mlimi mmodzi analembedwa katatu ndi masipelo atatu osiyana. Kanjirako kakayenda, gawani anthu a timu yoyambayo akhale mbewu ya matimu atsopano, ndipo muziwonjezera timu imodzi kapena ziwiri pa nthawi.

4. Gawaninso matimu, dulani kudalirana

Apa ndi povuta, ndipo malangizo ambiri amangodutsapo ndi chiganizo chimodzi. Ine ndichedwapo.

Mu 1968 Melvin Conway analemba kuti sisitimu imatengera mmene anthu a m'bungwe loipanga amalankhulirana. Mabungwe ambiri amagawa anthu motsatira luso: timu ya app ya pafoni, ya backend (mbali ya sisitimu yokhala pa seva), ya database, yolumikiza ndi mobile money, ndi yoyesa. Papepala zimaoneka zadongosolo. Tsono taonani kantchito kakang'ono aka: mlimi athe kuona ngongole imene yamutsalira. Kayenera kudutsa matimu onse asanu. Timu iliyonse ikakaika mu sprint yake yotsatira, ntchito ya masiku atatu itenga milungu 10, ndipo palibe amene mungamuloze chala, chifukwa aliyense anamaliza gawo lake pa nthawi yake.

Chitani izi musanasinthe chilichonse. Tengani zinthu 20 za pamwamba pa backlog. Pezani khoma, mapepala a flip chart ndi ma marker. Pamwamba lembani mayina a matimu, ndipo muwonjezerepo aliyense amene ntchito imaima pomudikira: wosunga pasiwedi ya seva, wofufuza za chitetezo, ofesi yogula zinthu, loya, kampani ya mobile money, kampani ina imene mukugwira nayo ntchito. Pa chinthu chilichonse jambulani mzere wodutsa onse amene chiyenera kuwadutsa, ndipo pa malo aliwonse lembani manambala awiri: masiku ogwira ntchito, ndi masiku ongodikira. Ojambula akhale olemba code enieniwo, mamanejala azingoonerera. Nthawi zambiri nambala yachiwiri imaposa yoyamba kutalitali, ndipo mudzapeza dzina limodzi kapena awiri amene pafupifupi mzere uliwonse ukudutsapo.

Kenako tengani kudalirana kulikonse, muyese njira izi motsatana, osadumpha.

Yoyamba ndi kukuchotseratu. Ngati timu ya ngongole imadikira woyesa nthawi zonse, woyesayo asamukire m'timumo, akhale nawo tebulo limodzi. Cholinga ndi matimu otsatira ulendo wa mlimi: ya kulembetsa, ya ngongole, ya malipiro, ya mabuku ndi malipoti, iliyonse ili ndi wa pafoni, wa backend, woyesa ndi wodziwa deta. Craig Larman ndi Bas Vodde, eni njira ya LeSS yoyendetsera Scrum pa matimu ambiri, amawatcha ma feature team. Timu yotere imatenga chinthu pa backlog n'kuchifikitsa kwa wogwiritsa ntchito osagogoda pa chitseko cha wina.

Yachiwiri ndi kusandutsa chodikiracho kukhala chodzitengera wekha. Ngati matimu onse amapempha seva yoyesera kwa anthu awiri omwewo, anthu awiriwo asiye kuyankha mapempho mmodzimmodzi, apange chida choti timu iliyonse izidzipangira yokha m'mphindi zochepa. Imeneyo ndiye ntchito ya platform team. Ikakhala malo olemberako kalata n'kudikira yankho, mwangosintha dzina.

Yachitatu ndi ya zimene simungazisamutse, monga kampani ina. Gwirizanani msanga, molemba, mmene API, khomo limene masisitimu awiri amalankhulirana, idzaonekere: chimene chikulowa, chimene chikutuluka, ndi chimene chichitike zikalephereka. Pangani yabodza yoyankha ngati yeniyeniyo kuti timu yanu isaime, ndipo muziyesa pa yeniyeniyo sabata iliyonse, chifukwa ziwirizi zimayamba kusiyana mwakachetechete.

Yachinayi, yomaliza, ndi kungokulemba pa bolodi ndi dzina la munthu ndi tsiku. Ambiri amayambira pano, n'kukhala ndi bolodi lokongola lodzaza ulusi wofiira. Kulemba kudalirana sikukuchepetsa.

Pali zochepa zimene ndi bwino kuzisiyira akatswiri okhaokha, monga kawerengedwe ka chiwongoladzanja kapena kusamutsa deta yakale. Zikhale chimodzi kapena ziwiri. Aliyense amanena kuti gawo lake ndi lapadera.

Tsopano za anthu, chifukwa pamenepa ndi pamene zimafera. Pali bambo amene kwa zaka zambiri palibe amakhudza database popanda iwo. Pali mayi amene amatsogolera oyesa 8, ndipo inu mukufuna kuwamwaza anthu awowo m'matimu anayi. Kwa iwo zimenezi zikumveka ngati kutsitsidwa udindo. Kwathu kuno munthu sakutsutsa pa msonkhano. Adzati "chabwino, tamva," kenako mudzangoona zinthu sizikusuntha, pempho lililonse likufuna imelo. Choncho lankhulani nawo pambali, mmodzimmodzi, msonkhano usanachitike. Auzeni molemba kuti giredi ndi malipiro awo sizikusintha. Apatseni ntchito yeniyeni: kukhazikitsa malamulo a kalembedwe, kuphunzitsa achinyamata, kuunika zosintha zonse za database kwa miyezi iwiri kapena itatu yoyamba, kenako zoopsa zokhazokha. Tsiku lothera kuunikako lilembedwe, apo ayi silidzafika.

Auzenitu akuluakulu kuti ma sprint awiri kapena atatu oyamba liwiro litsika, chifukwa anthu akuphunzira code imene sanaikhudzepo. Mukapanda kunena, sprint yachiwiri adzakulamulani kubwerera ku zakale. Musagawe munthu mmodzi m'matimu atatu, amangokhalira misonkhano. Ndipo matimu akakhazikika asiyeni. Ntchito izipita kwa timu, anthu asamasamutsidwe mwezi uliwonse kutsatira ntchito.

5. Lumikizani code tsiku lililonse

Pa 1 October 2013 boma la America linatsegula HealthCare.gov, webusaiti yolembetsera inshuwalansi ya zaumoyo. Makampani ambirimbiri anapanga zigawo zake, koma kuyesa zonse pamodzi kunachitika milungu yomaliza yeniyeni. Tsiku loyamba anthu 6 okha ndi amene anakwanitsa kulembetsa mpaka kumapeto.

Matimu onse aziika code pa nthambi (branch) imodzi yaikulu, kope la code limene onse amagawana, ndipo nthambi yapambali isagone masiku oposa awiri. Nthawi iliyonse wina akaika code, makina azimanga sisitimu yonse n'kuyendetsa mayeso okha. Ikasweka, woswayo asiye zonse akonze, ndipo ena asaikepo code mpaka itachira. Chinthu chosamalizidwa chibisidwe ndi feature flag, kaswitchi kochizimitsa kuti ogwiritsa ntchito asachione.

Gwirizanani tanthauzo limodzi la "zatha," lolembedwa, limene mu Scrum amalitcha Definition of Done, ndipo ligwire matimu onse ndi makampani onse. "Pa laputopu yanga zikugwira" sizinathe. "Zatha 90 peresenti" sizinathe. Zatha ngati zalumikizidwa, zayesedwa pamodzi ndi za ena, ndipo zili pa seva yofanana ndi yeniyeni. Muyese ndi mavuto akwathu: netiweki kuduka pakati pa kutumiza ndalama, uthenga wotsimikiza malipiro kubwera kawiri kapena kubwera mawa lake, foni yotchipa ya Android yodzaza zithunzi, magetsi kuzima ofesala ali pakati polembetsa mlimi. Sisitimu yolemba ngongole kawiri chifukwa uthenga unabwera kawiri imaononga dzina la bungwe m'sabata imodzi.

6. Kalendala imodzi, misonkhano yochepa

Ma sprint a matimu onse aziyamba ndi kutha tsiku limodzi, ndipo chionetsero chikhale chimodzi, cha sisitimu yonse ikugwira ntchito. Ma slide ayi.

Pa miyezi iwiri kapena itatu iliyonse sonkhanitsani onse m'chipinda chimodzi. Mu SAFe amautcha PI Planning: masiku awiri, kukonzera milungu 8 mpaka 12. Product Owner amafotokoza zolinga, timu iliyonse imakonza zake, anthu amayendera matebulo a anzawo kukagwirizana. Chiopsezo chilichonse chimapatsidwa yankho: chathetsedwa, chapatsidwa mwini, tachivomereza, kapena tachichepetsa. Pomaliza amavota ndi zala, chimodzi mpaka zisanu, kusonyeza ngati akukhulupirira kuti zitheka. Kwathu vote ya zala pamaso pa abwana ndi yongotaya nthawi, aliyense amayang'ana kaye dzanja la wamkulu. Gawani timapepala, alembe nambala mobisa. Mukapeza ma 2, funsani chimene chikudetsa nkhawa osafufuza amene walemba.

Pakati pa sabata, nthumwi za matimu zizikumana kawiri kapena katatu kwa mphindi 15, nkhani yake imodzi: ndani akudikira ndani. Tumizani wodziwa code yake, osati manejala wokawerenga lipoti. Ikaninso malire a zinthu zazikulu zimene zingakhale zoyambidwa nthawi imodzi. Matimu 6 asayambe zinthu 15. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

7. Konzani kontirakiti ndi kalipiridwe

Mu September 2013 National Audit Office ya ku Britain inatulutsa lipoti lokhudza Universal Credit, dongosolo la boma loperekera ndalama zothandizira anthu opeza zochepa ndi osowa ntchito. Dipatimenti yoyendetsa ntchitoyo inanena kuti ikugwiritsa ntchito agile, njira imene inali isanaizolowere, pa pulojekiti yaikulu yokhala ndi makampani akuluakulu angapo. Lipotilo linadzudzula kayendetsedwe ndi kalondolondo wa ndalama, ndipo mapaundi 34 miliyoni a ntchito ya makompyuta anali atalembedwa kale kuti atayika.

Ntchito zazikulu zambiri kwathu ndi za boma, zotsatira malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu m'boma, kapena za mabungwe opereka thandizo. Kontirakiti imakhomereratu zopanga, mtengo ndi tsiku, ndipo malipiro amamangidwa pa mapepala: inception report, chikalata cha zofunika, siginecha yolandirira. Simungasinthe malamulo ogulira zinthu, koma pali zimene mungakambirane musanasaine. Malipiro amangidwe pa zigawo zogwira ntchito, monga "kulembetsa alimi kukuyenda m'maofesi awiri." Pakhale ndime yolola Product Owner kuchotsa chinthu n'kuikapo china chofanana kukula popanda kusintha mtengo. Code yonse ikhale mu repository (mosungira code) ya mwini ntchito kuyambira tsiku loyamba, ndipo akhale ndi ufulu woimitsa ntchito pakutha pa miyezi itatu iliyonse n'kutsala ndi chogwira ntchito. Mapepala amene oditala adzafune alowe mu Definition of Done kuti azilembedwa pang'onopang'ono.

Ngati munasaina kale, pitani kwa mwini ntchito ndi chionetsero cha sitepe 3. Munthu amene waona ndalama zikutuluka pa foni amamva msanga kuposa amene mwamutumizira kalata yopempha kusintha ndime.

8. Yezani zoyenera

Velocity, kutanthauza mapointi oyerekezera kukula kwa ntchito amene timu imamaliza pa sprint, ndi yothandiza timuyo pokonza ntchito yake basi. Mukayamba kuyerekeza matimu pa bolodi la abwana, ntchito ya mapointi 3 idzasanduka ya 8 sabata yomweyo. Yezani zinayi zimene ofufuza a DORA, gulu lofufuza za kapangidwe ndi katulutsidwe ka mapulogalamu, anazitchukitsa: mumatulutsa zatsopano kangati, code imatenga nthawi yaitali bwanji kuchoka kwa wolemba kufika kwa wogwiritsa ntchito, ndi zotulutsa zingati zimene zimaswa zinthu, ndipo zikasweka mumakonza msanga bwanji. Pa miyezi itatu iliyonse bwerezani zojambula za pa khoma zija, muone ngati masiku ongodikira akutsika.

9. Tsopano mukhoza kusankha dzina

Njira zotchuka zoyendetsera matimu ambiri ndaziika kumapeto mwadala. Nexus, imene Ken Schwaber anaitulutsa mu 2015, ndi ya matimu 3 mpaka 9, ndipo imangowonjezera kagulu koonetsetsa kuti zonse zikulumikizana. LeSS ndi ya matimu osapitirira 8 pa Product Owner mmodzi, yokhala ndi malamulo ochepa koma yofuna kusintha kwenikweni kwa bungwe. SAFe, ya Dean Leffingwell kuyambira 2011, imasonkhanitsa anthu 50 mpaka 125 m'gulu limodzi lotchedwa Agile Release Train, ndipo ili ndi maudindo ambiri. Akuluakulu amaikonda chifukwa aliyense amapezamo bokosi lake, ndipo n'chifukwa chomwecho mukhoza kuitenga yonse matimu anu akale osasintha ngakhale pang'ono. Za Spotify, kampani ya nyimbo imene inkatcha matimu ake ma squad ndi magulu a matimu ma tribe, Henrik Kniberg ndi Anders Ivarsson anazilemba mu 2012 pofotokoza mmene kampaniyo inkagwirira ntchito pa nthawiyo, ndipo ananeneratu kuti zinali kusinthabe. Kutcha timu ya database kuti squad sikuchotsa mzere wodikira pa khomo pake.

Kwa anthu 60, ine ndingayambe ndi Nexus kapena LeSS. SAFe imayamba kumveka anthu akafika mazana, pali zida zogula kunja, oyang'anira malamulo ndi bajeti za chaka ndi chaka. Ngati abwana kapena opereka ndalama aumirira SAFe chifukwa ndi imene akuidziwa, tengani PI Planning ndi bolodi lake, maudindo enawo muwasiye kaye mpaka mutaona ntchito imene ikusowadi mwini.